Zitsa za ku Maradi: lipoti la ntchito ya mishoni yobwezeretsa mitengo m'minda ya ku Niger

Lipotili likufotokoza ntchito yobwezeretsa mitengo m'minda imene bungwe la mishoni la SIM linagwira m'chigawo cha Maradi, kumwera kwa dziko la Niger, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndalilemba monga mlangizi wa zamitengo wogwira ntchito ndi makomiti a chitukuko a m'mipingo, ndipo ndikulembera abusa, ansembe, akulu a mpingo, atsogoleri a magulu a amayi pamodzi ndi alangizi anzanga, ife amene chaka chilichonse mvula ikangogwa timapemphedwa kukonza mwambo wobzala mitengo. Nkhani ya ku Maradi ili ndi zonse zimene timakumana nazo: manazale amene anadya ndalama koma osabala nkhalango, njala imene inakakamiza mishoni kugawa chakudya, anthu amene anasamala mitengo pofuna thumba la chakudya n'kuidula thumbalo litatha, ndiponso lamulo la boma limene linalembedwa kuti liteteze mitengo koma n'kukhala lomwe likuimaliza. Chimene ndikufuna kuonetsa n'chakuti mitengo inabwerera m'minda ya ku Niger pamene mlimi anatsimikiza kuti mtengo wokula m'munda mwake ndi wake, ndipo ntchito yaikulu ya mishoni inali kumuthandiza kufika pamenepo.

Dera ndi chiyambi cha vuto

Niger ndi dziko la kumadzulo kwa Africa, lopanda doko, ndipo gawo lake lalikulu ndi chipululu cha Sahara. Anthu ambiri anadzazana m'kachigawo ka kumwera, m'mbali mwa malire a Nigeria, komwe kumagwa mvula yoti n'kulimira. Kumeneko n'kumene kuli Maradi, dera la Ahausa, amene pafupifupi onse ndi Asilamu. Mvula imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala, mamilimita 400 mpaka 600 pachaka, ndipo miyezi yotsalayo kumakhala kouma, kotentha ndiponso kwa mphepo yafumbi. Nthaka yake ndi yamchenga. Chakudya chodalirika ndi mchewere ndi mapira, ndipo pakati pake amabzalamo khobwe ndi mtedza.

Kale minda ya kumeneko inkakhala ndi mitengo, ndipo munda ukaguga unkagonekedwa zaka zingapo kuti tchire libwerere. Boma la atsamunda a ku France linalimbikitsa mtedza wogulitsa kunja, ndipo alangizi a nthawi imeneyo, ngakhalenso amene anabwera dziko litalandira ufulu mu 1960, ankaphunzitsa kuti munda wabwino ndi woyera mbee, wopanda chitsa choti n'kukola pulawo. Anthu anachuluka, malo ogoneka anatha, mizinda inayamba kufuna nkhuni zambiri, kenaka chilala cha 1968 mpaka 1973 chinapha ziweto ndi mitengo yosawerengeka.

Pamwamba pa zonsezi panali lamulo. Malamulo a nkhalango amene Afalansa anakhazikitsa mu 1935, amene boma la Niger linawapitiriza m'lamulo lake la 1974, ankaika mitengo m'manja mwa boma, ndipo mitundu yofunika kwambiri inali yoletsedwa kuidula kapena kuisadza popanda chilolezo, ngakhale itamera pakati penipeni pa munda wa munthu. Alonda a nkhalango ankaopedwa chifukwa cha chindapusa chimene ankalipiritsa. Mlimi ankaona kuti mtengo ukakula m'munda mwake ungomubweretsera mlandu, pamene phindu lake sangalikhudze, choncho ankaudula ukadali waung'ono, mlonda asanauone. Palibe amene angamunene mlimi ameneyu kuti anali mbuli. Ankachita zogwirizana ndi lamulo limene anapatsidwa.

Minda itayera, mphepo inalibe choitchinga. Mchenga unkakwirira kapena kupsereza mchewere wongomera kumene, mwakuti alimi ankabzala katatu kapena kanayi nyengo imodzi, kutaya mbewu pamodzi ndi masiku a mvula amene ndi ochepa kale. Amayi, atasowa nkhuni, anayamba kuphikira mapesi ndi ndowe zouma, zinthu zomwezo zimene zikanabwezera chonde m'nthaka. Apa m'pamene kutha kwa mitengo kumakumanirana ndi njala: chaka chilichonse munda unkapereka zochepa, ndipo banja linkatsegula malo ena kuti likwanitse kudya.

Manazale a mishoni

SIM inayamba mu 1893 ndi dzina lakuti Sudan Interior Mission, ndipo inalowa m'dziko la Niger mu 1924. Inkadziwika ndi ntchito ya chipatala, makamaka cha ku Galmi, ndipo Akhristu m'dzikomo anakhalabe ochepa kwambiri, osafika 2 pa anthu 100 alionse. Mu 1981 kunafika a Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wochokera ku Australia, pamodzi ndi akazi awo, ndipo anapatsidwa ntchito ya mitengo m'midzi yozungulira Maradi, pansi pa chimene chinadzatchedwa Maradi Integrated Development Project.

Njira imene anaipeza ndi yomweyi timaidziwa ife. Ankafesa mbewu m'machubu, kuthirira, kunyamula mbande pagalimoto kupita nazo kumidzi, kukumba mayenje, kubzala ndi kutchinga. Mitundu yake inali yobwera, monga nimu ndi bulugamu. Malinga ndi zimene a Rinaudo akhala akufotokoza, pa mbande 10 zilizonse zobzalidwa, zopulumuka sizinkafika ziwiri. Zifukwa zake mlangizi aliyense angazitchule ali m'tulo. Mbande ya m'chubu imakhala ndi mizu yotalika ngati chikhatho, koma imayenera kupirira miyezi isanu ndi itatu yopanda dontho la mvula. Mbuzi zimaibudula, chiswe chimaidya, mchenga umaikwirira. Ndipo nthawi yoyenera kuibzala ndi yomweyo imene banja lonse lili kalikiliki kubzala chakudya. Komanso nkhalango ya mudzi inali ya aliyense, kutanthauza kuti panalibe woiyang'anira m'chilimwe.

Sindikunena kuti kubzala kunalephera paliponse. M'chigwa cha Majjia, bungwe la CARE linabzala mizere ya nimu yotchinga mphepo kuyambira 1975, ndipo mitengoyo inakula. Koma kumeneko madzi a pansi ali pafupi, ndipo panalowa ndalama zambiri zolipira alonda oletsa ziweto. Njira yotere sikanatheka kuifikitsa m'minda ya alimi mamiliyoni.

Zimene zinaoneka mu 1983

Mu 1983, a Rinaudo ali pa ulendo wokasiya mbande kumidzi, anaima panjira kuti aphwetseko matayala, monga amachitira oyendetsa galimoto pamchenga. Iwo amanena kuti anali atataya mtima, ndipo pamalo pomwepo anapemphera kupempha nzeru. Atayang'ana chimodzi cha zitsamba zimene zinali mbwee m'minda yonse, zimene ankaziyesa tchire wamba la m'chipululu, anazindikira masamba ake kuti ndi a mtengo weniweni. Chinali chitsa cha mtengo umene unadulidwa kalekale, koma mizu yake inali yamoyo, ndipo chaka chilichonse chinkatulutsa mphukira zimene mlimi ankazisenga ndi kuzitentha posasa munda.

Kufunika kwa zimenezi kuli m'mizu. Mbande ya m'chubu ili ngati khanda lofunika kulera, pamene chitsa ndi munthu wamkulu amene wangometedwa. Mizu ya chitsa inafika kale pa chinyezi chakuya, ili ndi chakudya chosungidwa, ndipo mtunduwo unazolowera kale chilala, chiswe ndi nthaka ya deralo. Chimene chimachilepheretsa kukhalanso mtengo ndi chikwanje cha chaka ndi chaka, komanso kuchuluka kwa mphukira zimene zimalimbirana chakudya n'kukhala zonse zonyozoloka.

Njira imene inatuluka pamenepa, yodziwika padziko lonse ndi zilembo zakuti FMNR (Farmer Managed Natural Regeneration), ife timangoti kusamalira mitengo yophukira yokha. Ndiifotokoza monga ndimachitira ndi alimi m'munda. Mwini munda amayenda m'munda mwake n'kusankha zitsa zimene akufuna kusunga, malinga ndi chimene mtengowo ungamupatse, kaya nkhuni, milimo, zipatso, mankhwala kapena chakudya cha ziweto. Pa chitsa chilichonse amasiya mphukira zowongoka ndi zamphamvu, zosapitirira zisanu, n'kuchotsa zina zonse. Zotsalazo amazithenera nthambi za m'munsi mpaka cha pakati pa msinkhu wake, osapitirira, chifukwa mphukira yotheneredwa mpaka kunsonga imathyoka ndi mphepo kapena kupindidwa ndi mbuzi. Chida chiyenera kukhala chakuthwa, ndipo kadulidwe kake n'kochokera pansi kupita m'mwamba. Ukatema kuchokera pamwamba, nthambi imagwa ikusenda khungwa, ndipo bala limenelo limalowetsa chiswe ndi matenda. Nthambi zaminga amazizunguliza pa chitsa kuti zitchinge ziweto, masamba amawasiya pansi, zotsala amapita nazo kukhitchini tsiku lomwelo. Pakapita miyezi ingapo amabwerera kudzachotsa mphukira zatsopano. Mitengoyo ikakula, amadula umodzi pachaka n'kusiya mphukira ina kuti ilowe m'malo, mwakuti chitsa chimodzi chimapereka mtengo chaka chilichonse osatha.

A Rinaudo anayamba ndi alimi owerengeka, osapitirira khumi ndi awiri. Anzawo ankawaseka kuti ndi alesi osatha kusosa munda, ndipo mitengo yawo inkabedwa usiku, popeza m'dera lonselo inali yokhayo yooneka.

Njala ya 1984 ndi chakudya cholipira ntchito

Mu 1984 mvula inakanika ndipo kunagwa njala yoopsa. SIM inayamba kugawa chakudya kwa anthu ogwira ntchito zachitukuko, ndipo imodzi mwa ntchitozo inali kusiya ndi kuthenera zitsa m'minda yawo, pafupifupi mitengo 40 pa hekitala. Ntchitoyi inafika m'midzi pafupifupi 100, ndipo mitengo pafupifupi 500,000 inasungidwa. Njala itatha, chakudya chitasiya kubwera, alimi anadula magawo awiri mwa magawo atatu a mitengoyo.

Chiwerengero chimenechi ndi chimene ndimafuna komiti iliyonse ya mpingo ichimve bwino, chifukwa chimaphunzitsa mbali ziwiri. Mbali yoyamba n'njakuti chakudya chimagula ntchito ya manja, koma sichisintha maganizo a munthu pa munda wake. Ambiri anasunga mitengoyo monga ganyu wa mzungu, ndipo ganyu atatha anabwerera ku zimene ankadziwa. Mbali yachiwiri n'njakuti ntchitoyo sinapite pachabe. Kwa nthawi yoyamba dera lonse linaona ndi maso kuti mchewere sufa chifukwa choyandikana ndi mtengo wotheneredwa bwino, kuti mphepo inachepa mphamvu, ndiponso kuti nkhuni zinapezeka pafupi. Ngakhale amene anadulawo anapeza milimo yomangira ndi yogulitsa, ndipo zitsa zawo zinaphukanso. Gawo limodzi lotsalalo linali lokwanira kukhala sukulu ya ena onse. Maganizo anga ndi akuti kumangiriza mitengo ku chakudya cha njala n'kololeka ngati njira yoonetsera anthu ambiri nthawi imodzi, koma bungwe lochita zimenezi lisawerengere mitengoyo ngati yopulumuka mpaka patadutsa nyengo ziwiri chithandizo chitatha.

Kumasuka kwa lamulo

Chimene chinapangitsa kuti otsalawo apitirize, ndi ena ayambirenso mwa kufuna kwawo, chinali nkhani ya umwini. Ogwira ntchito a mishoni anakambirana ndi akuluakulu a zankhalango a m'chigawo cha Maradi mpaka anavomera kuleka kulipiritsa alimi odula mitengo imene aisamalira okha m'minda yawo. Lamulo la m'mabuku linali lisanasinthe, koma uthenga unamveka m'midzi kuti wosamala mtengo adzaudya yekha. Zikuoneka zodabwitsa kuti chilolezo chodula ndicho chinachulukitsa mitengo, koma mlimi aliyense amadziwa kuti palibe amene amaweta chiweto chimene sadzaloledwa kuchigulitsa.

Kuchokera pamenepo njirayi inayenda kuchoka kwa mlimi kupita kwa mlimi mnzake, popanda galimoto ya mbande. Mabungwe ena anaitenga, monga ntchito yothandizidwa ndi IFAD, bungwe la United Nations lothandiza ulimi, m'dera la Aguié, komwe mudzi wa Dan Saga unadziwika chifukwa cha komiti yake yolondera mitengo, imene munalinso amayi ndi oweta ziweto, ndipo inkaweruza akuba mitengo ndi malamulo ogwirizana pamudzi. Boma linatsatira pambuyo: malamulo a malo a kumidzi a 1993, lamulo latsopano la nkhalango la 2004, ndipo mu 2020 lamulo la pulezidenti lovomereza mwachindunji ufulu wa mlimi pa mitengo imene waisamalira.

Zotsatira ndi malire ake

Kukula kwa zimene zinachitika kunadziwika mochedwa, cha m'ma 2004 ndi 2005, pamene ofufuza a Chris Reij, a Gray Tappan a bungwe la United States Geological Survey ndi a Mahamane Larwanou a ku Niger komweko anayerekeza zithunzi zojambulidwa m'mlengalenga mu 1975 ndi za zaka zimenezo, n'kuyendanso m'midzi kukatsimikiza. Anapeza kuti mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, malo oposa theka la mtunda wonse wa Malawi, ndipo inalipo pafupifupi 200 miliyoni. Midzi ina inali ndi anthu ochuluka kuposa mu 1975 komanso mitengo yochuluka kuposa mu 1975. Kafukufuku amene bungwe lofufuza za chakudya la IFPRI linafalitsa mu 2009 anayerekeza kuti mindayi ikupereka matani 500,000 a chakudya oonjezera pachaka, okwanira anthu 2.5 miliyoni. Chiwerengerochi chinapezeka potenga makilogalamu 100 oonjezera pa hekitala n'kuchulukitsa ndi mahekitala onsewo, choncho tizichitchula monga chiyerekezo.

Mtengo umene unathandiza kwambiri pa zokolola ndi umene Ahausa amautcha gao, womwe ndi msangu wathu womwewu. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, mbewu n'kumalandira dzuwa pamodzi ndi manyowa a masambawo, ndipo m'chilimwe umabiriwira n'kugwetsa nyemba zimene ziweto zimadya zitaima pamthunzi, n'kusiya ndowe pomwepo.

Pali zinthu zitatu zimene lipoti loona mtima liyenera kunena. Si mitengo yonseyi imene inachokera ku mishoni: m'chigawo cha Zinder alimi anali ndi mwambo wakale wosunga gao, ndipo ambiri anaubwerera okha. Mvula nayonso inayamba kugwa bwinoko kuyambira zaka za m'ma 1990, ngakhale zithunzi zikuonetsa kuti madera a mvula yofanana anasiyana kwambiri malinga ndi kasamalidwe ka alimi. Ndipo njala sinathe. Mu 2005, pambuyo pa chilala ndi dzombe la 2004, Maradi yemweyo ndiye anali pachimake pa kunyentchera kwa ana. Chimene ofufuza anaona n'chakuti mabanja okhala ndi mitengo anali ndi pothawira, chifukwa ankagulitsa nkhuni, milimo, masamba a mlambe ndi chakudya cha ziweto n'kugula mchewere. M'dziko limene anthu ake achoka pa 6 miliyoni mu 1980 kufika poposa 25 miliyoni lero, mitengo yokha singadzaze nkhokwe zonse, koma yachepetsa kugwa kwa mabanja m'zaka zoipa.

Gawo la mpingo

Mishoni inalibe mphamvu ya boma kapena ndalama za mabungwe akuluakulu. Chimene inali nacho ndi kukhalitsa. A Rinaudo anakhala ku Niger kuyambira 1981 mpaka 1999, ankalankhula Chihausa, ndipo anthu anawaona akugawa chakudya m'njala asanawamvere za mitengo. Ntchito ya zaka zitatu ikanatseka mabuku mitengo ija itangodulidwa, n'kulemba kuti zalephereka. Mishoni inagwira ntchito ndi alimi ndi mafumu achisilamu popanda kufunsa munthu kumene amapemphera, ndipo inalola wantchito wake kusiya njira imene opereka ndalama ankaikonda chifukwa chooneka bwino pa chithunzi. A Rinaudo eni ake amanena poyera kuti kusamalira chilengedwe ndi mbali ya chikhulupiriro chawo, ndipo amatchula Salimo 104 monga mawu amene anawalimbitsa nthawi ya njala. Atalowa World Vision anapititsa njirayi kumaiko ena, kuphatikizapo ku Humbo m'dziko la Ethiopia, komwe kuyambira 2006 mapiri a mahekitala oposa 2,700 anaphukanso m'manja mwa magulu a alimi. Mu 2018 analandira mphotho ya Right Livelihood, chaka chomwecho ndi a Yacouba Sawadogo, mlimi wa ku Burkina Faso.

Zimene zikutikhudza kuno

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo nyengo yathu yobzala mitengo, kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, mipingo imatengapo gawo lalikulu. Zitsa tili nazo. M'minda imene ndimayendera nthawi yososa, mu Okutobala, ndimapeza chitimbe, mthethe, masau, msuku ndi mitengo ya miyombo zikuphukira pa zitsa, zitaunjikidwa kale mapesi kuti zitenthedwe, pamene pabwalo la tchalitchi pali machubu akudikira mvula. Misangu ya ku Salima ndi m'chigwa cha Bwanje yakhala ikudyetsa chimanga kuyambira kale, ndipo nkhalango za kumanda zikuonetsa kuti mudzi ukagwirizana lamulo, mtengo sukhudzidwa.

Kusiyana kulipo ndipo tisakubise. Chimanga sichipirira mthunzi, choncho mitengo yosayoyola masamba m'dzinja iyenera kukhala yotalikirana ndi yotheneredwa kwambiri, kapena isiyidwe m'malire ndi m'milambala. Moto wa osaka mbewa ndi msika wa makala ndi adani amene komiti iyenera kukambirana ndi nyakwawa ntchito isanayambe. Funso la umwini kwathu lili m'banja ndi m'mudzi: mkamwini amene akulima munda wa kuchikazi, mayi wamasiye amene abale a mwamuna akuulozera munda, ndi munthu wolima munda wobwereka, onsewa amadziwa kuti mtengo umene asamale lero ungadzadyedwe ndi wina. Mpingo uli ndi mwayi umene mlangizi wa boma alibe, wokhazika pansi mabanja, eni mbumba ndi mafumu kuti agwirizane poyera za mwini mtengo ndi amene angaudule.

Kwa makomiti amene ndimagwira nawo ntchito ndimapempha kuti asanagule machubu ayambe ayenda m'minda ya akhristu awo ndi ya anansi awo a zipembedzo zina, kuwerenga zitsa zamoyo, ndi kuphunzitsa kuthenera moto usanayatsidwe. Nazale ikhalepo chifukwa cha mango, mapeyala, malalanje ndi malo amene zitsa zinazulidwa kotheratu, monga minda yakale ya fodya. Ndipo lipoti lopita ku sinodi, ku dayosizi kapena kwa abale otithandiza akunja lisiye kunena mbande zobzalidwa pa tsiku la mwambo, liyambe kunena mitengo yopezeka yamoyo mu Novembala wotsatira, munda ndi munda, pamodzi ndi dzina la mwini wake.